Mapepala a Florence Price m'nyumba ya bwinja

Amalume anga atamwalira, tinatulutsa sutikesi yachitsulo imene inkakhala kunsi kwa bedi lawo, ndipo titaitsegula tinapezamo makope asukulu odzaza ndi nyimbo zimene anapeka okha. Iwo anaphunzitsa kwaya ya pampingo pathu kwa zaka zoposa 30, ndipo ndi iwo amene anandiphunzitsa kuwerenga do, re, mi ndisanayambe n'komwe kumera ndevu. M'makopemo munali mawu onse anayi, soprano, alto, tena ndi besi, olembedwa mwaudongo ndi bolopeni yabuluu. Koma chiswe chinali chitalowa kudzera pansi pomwe dzimbiri linaboola, ndipo masamba ambiri anali atasanduka dothi, moti ukawagwira ankangoyoyoka m'manja. Nyimbo zawo ziwiri kapena zitatu timaziimbabe chifukwa zinalowa m'mitu ya anthu iwo akadali moyo. Zina zonse zinapita. Ndimakumbukira tsiku lina nditawafunsa kuti, "Amalume, bwanji nyimbo zinazi simutiphunzitsa?" Iwo anandiyankha kuti, "Mphwanga, nyimbo ya m'kope ili ngati mbewu ya m'chikwatu, imadikira munthu woti aidzale." Palibe amene ankadana ndi amalume, ife tinangozengereza basi. Koma kuchokera tsiku limene tinatsegula sutikesi ija, nkhani iliyonse ya nyimbo zotayika imandigwira mtima, ndipo palibe imene inandigwira ngati ya Mayi Florence Price, wopeka nyimbo wakuda wa ku America.

M'chaka cha 2009, banja lina linagula nyumba yakale pafupi ndi tauni yaing'ono ya St. Anne, kum'mwera kwa mzinda wa Chicago ku America, n'cholinga choti aikonze. Nyumbayo inali bwinja lenileni: udzu unali utamera ponseponse, anthu oononga anali atalowamo, ndipo mtengo unali utagwera padenga n'kuliboola. M'chipinda china chimene mvula sinafike kwenikweni, anapezamo milu ya mapepala a nyimbo zolembedwa pamanja, makalata ndi mabuku, ndipo dzina limene linkaoneka mobwerezabwereza linali la Florence Price. Eni nyumba atsopanowo sankalidziwa dzinalo, koma anachita chinthu chimene ife sitinawachitire amalume: anafufuza, napereka mapepalawo kwa osunga zolemba zakale a pa University of Arkansas. Nyumbayo inali imene Mayi Price ankakhalamo nyengo yotentha, ndipo iwo anali atamwalira mu 1953. Pakati pa mapepalawo panali nyimbo ziwiri zikuluzikulu za vayolini yoperekezedwa ndi orchestra, komanso symphony yawo yachinayi. Zaka 56 zinali zitadutsa ntchito ya moyo wa munthu ili pansi pa denga lodontha.

Kuti timvetse mmene zoterezi zimachitikira, tiyenera kuona kaye mmene nyimbo za mtundu umenewu zimakhalira ndi moyo. Nyimbo ya pamtondo kapena ya pamaliro imafuna pakamwa pokha. Mmodzi akaiyamba, ena amavomera, ndipo mawa yafika kale kumudzi wina. Symphony ndi nyimbo yaitali, kawirikawiri ya magawo anayi, yoimbidwa ndi orchestra, gulu la anthu amene amatha kufika 80 kapena kuposerapo, ena a mavayolini, ena a zitoliro, ena a malipenga, ena a ng'oma. Wopeka amalemba zonse papepala, koma iye yekha sangathe kuimva nyimbo yakeyo ikulira. Pamafunika wina akopere woimba aliyense gawo lake, pamafunika kampani yosindikiza kuti mapepalawo azipezeka, pamafunika holo, ndalama zolipira oimba pa nthawi yokonzekera, ndiponso pamwamba pa zonse pamafunika wotsogolera gulu amene anganene kuti chaka chino tiimba iyi. Apa ndi pamene mawu akuti mutu umodzi susenza denga amakwaniritsidwa kotheratu. Ndipo popeza anthu okhala ndi mphamvu yotsegula chitseko chimenechi ndi ochepa kwambiri, tsankho silifunika kuotcha pepala lililonse. Likhoza kupha nyimbo mwa kungosiya kalata osaiyankha bwino.

Mayi Price anabadwa mu 1887 mumzinda wa Little Rock, m'chigawo cha Arkansas, m'banja la anthu akuda ophunzira; bambo awo anali dokotala wa mano ndipo mayi awo ndiwo anayamba kuwaphunzitsa piyano. Ali mtsikana anapita ku Boston kukaphunzira pa New England Conservatory, kumene anamaliza mu 1906 atakhwima pa kuimba limba ndi kuphunzitsa piyano. Chinthu chimodzi cha nthawi imeneyo chimandipweteka nthawi zonse ndikachikumbukira: pofuna kuwateteza ku tsankho, anawalembetsa pasukulupo ngati munthu wochokera ku Mexico, popeza khungu lawo linali loyererako. Mwana waluso chotero anayenera kubisa kwawo kuti aphunzire mwamtendere. Atamaliza anaphunzitsa, nakhala mkulu wa gawo la zoimbaimba pa Clark University ku Atlanta, kenako anakwatiwa ndi loya wina mu 1912 n'kubwerera ku Little Rock, kumene bungwe la aphunzitsi a nyimbo a m'chigawocho linawakaniza umembala chifukwa cha mtundu wawo.

Mu Meyi 1927, gulu la azungu linapha munthu wakuda dzina lake John Carter ku Little Rock, linakoka mtembo wake ndi galimoto m'misewu, n'kukauotcha pakati pa dera la malonda la anthu akuda. Chaka chomwecho banja la a Price linasamukira ku Chicago, monga anachitira anthu akuda miyandamiyanda amene ankathawa kum'mwera kwa dzikolo. Kumeneko ukwati wawo unatha mu 1931, ndipo mayiwo anatsala ndi ana aakazi awiri pa nthawi imene chuma cha America chinali chitagweratu. Ankapeza chakudya poimba limba m'nyumba zoonetsera mafilimu opanda mawu, pophunzitsa ana piyano, ndi popeka tinyimbo totsatsa malonda pa wailesi pogwiritsa ntchito dzina lobisika. Kwa kanthawi anasungidwa kunyumba kwa Estella Bonds, mayi wa wophunzira wawo Margaret Bonds, amenenso anadzakhala wopeka nyimbo wodziwika. Mumkhalidwe wotero ndi mmene analembera symphony yawo yoyamba.

Mu 1932 symphony imeneyi inapambana mphoto yoyamba ya madola 500 pa mpikisano wa Wanamaker, ndipo pa 15 Juni 1933 gulu la Chicago Symphony Orchestra linaiimba motsogoleredwa ndi Frederick Stock, pa nthawi ya chionetsero chachikulu cha dziko lonse chimene chinkachitika mumzindawo. Aka kanali koyamba kuti gulu lalikulu la ku America liimbe symphony yopekedwa ndi mayi wakuda. Mabuku ambiri amaimira pomwepa, ngati kuti chitseko chinatseguka. Koma pali zinthu ziwiri zokhudza usiku umenewo zimene siziyenera kusiyidwa. Choyamba, mayi wina wakuda, Maude Roberts George, mtsogoleri wa bungwe la oimba akuda a ku Chicago, ndiye anathandiza ndi ndalama kuti chochitikacho chitheke. Chachiwiri, nyimbo yotsegulira mwambowo inali ya John Powell, mzungu wa ku Virginia amene analimbikira kwambiri kuti chigawo chake chikhazikitse lamulo la 1924 lokhwimitsa kusiyanitsa mitundu ndi kuletsa maukwati a pakati pa azungu ndi anthu ena. Ngakhale pa tsiku la ulemu wawo, Mayi Price anayenera kudikira kuti munthu woteroyo amveke poyamba.

Ine ndinaimva symphony imeneyi koyamba pa foni, usiku magetsi atazima, nditavala zomvera za m'makutu, ndipo ndinaibwereza mpaka batire inatha. Gawo loyamba limayamba ndi chitoliro cha mawu a besi chotchedwa bassoon, chikuimba kanyimbo kofatsa koyenda pa manotsi asanu okha, kamene munthu wokulira m'kwaya amakagwira nthawi yomweyo ngakhale sanakamvepo. Koma gawo lachiwiri ndi limene linandikhazika chete. Malipenga amaimba pamodzi pang'onopang'ono, mzere ndi mzere, ndendende ngati mpingo ukuimba nyimbo ya m'buku, ndipo kumapeto kwa mzere uliwonse amapuma monga timapumira ife, zitoliro n'kuvomera. Pansi pa zonsezi pamamveka ng'oma ikugunda mwakachetechete, osati yoitanira gule, koma yonga mapazi a anthu oyenda ulendo wautali, ndipo cha kumapeto mabelu amalira. Ndinazindikira kuti munthu amene analemba zimenezi anakhalapo pa benchi ya tchalitchi cha anthu osauka, ndipo ankadziwanso bwino lomwe mmene amalukira mawu a zida zambiri kuti asapondane. Nyimboyo si yobwereka. Mayi Price anaipeka okha m'kalembedwe ka nyimbo zauzimu za makolo awo.

Gawo lachitatu analitcha Juba. Pamalo pamene opeka a ku Ulaya ankaika gule wa kwawo, mayiwa anaika gule wa akapolo a kum'mwera kwa America, wovinidwa poomba m'manja, pomenya ntchafu ndi chifuwa, ndi popondaponda pansi. Thupi linasanduka ng'oma chifukwa ng'oma yeniyeni inali yoopedwa: akapolo ataukira ku Stono mu 1739, boma la South Carolina linakhazikitsa lamulo mu 1740 loletsa akapolo kukhala ndi ng'oma. Choncho pamene Mayi Price analemba kuti ng'oma za ku Africa zilire pakati pa orchestra, ankabweza chida chimene chinalandidwa kwa makolo awo zaka pafupifupi 200 m'mbuyomo. Wopeka wotchuka wa ku Bohemia, Antonín Dvořák, ali ku New York mu 1893, ananena poyera kuti tsogolo la nyimbo za America liyenera kumangidwa pa nyimbo za anthu akuda, zimene iye anazimva kwa wophunzira wakuda Harry Burleigh. Symphony imene Dvořák analemba ali kumeneko imaimbidwa pa dziko lonse mpaka lero. Eni ake a nyimbozo atayamba kulemba ma symphony awo, maholo anawalandira kamodzi n'kutseka zitseko.

Pa 5 Julaye 1943, Mayi Price analembera kalata Serge Koussevitzky, wotsogolera Boston Symphony Orchestra, munthu amene ankadziwika kuti ndi bwenzi la opeka nyimbo a ku America. Kalata imeneyi ilipo, ndipo imayamba ndi kuvomereza kuti iwo ali ndi zopinga ziwiri: ndi mkazi, ndiponso ali ndi magazi a anthu akuda m'mitsempha mwawo. Anamupempha kuti ayambe waona ntchito yawo asanaganize kuti nyimbo ya mkazi imangodzaza ndi kutengeka mtima popanda mphamvu ndi kuganiza mozama. Pa nkhani ya mtundu, ananena kuti sakupempha chifundo chilichonse, koma kuti ntchito yawo iweruzidwe pa luso lake lokha. Iyi sinali kalata yawo yokhayo kwa munthuyu, ndipo m'makalata ena anafotokoza kuti mwachibadwa ndi munthu wamanyazi, amene kugogoda pa zitseko kumamuvuta. Kwathu timati mwana wosalira amafera mu mbereko. Mayi awa analira, mwaulemu ndiponso momveka, kwa zaka zingapo, koma Koussevitzky sanaimbepo nyimbo yawo ndi imodzi yomwe.

Sindikufuna kumunamizira munthu amene anamwalira kalekale. Koussevitzky anali Myuda wobadwira ku Russia, ndipo tsankho ankalidziwa. Anathandiza opeka ambiri, ndipo m'chaka chomwecho cha 1943 anapatsa Béla Bartók, amene anali kudwala ndi kusauka ku New York, ntchito yolemba nyimbo imene inadzakhala imodzi mwa zikuluzikulu za zaka zimenezo. Koma zimenezi zikungosonyeza kuti munthuyu ankadziwa kutambasula dzanja, ndipo dzanjalo silinafike kwa Mayi Price. Tsankho la mtundu uwu ndi lovuta kuligwira chifukwa silisiya chizindikiro. Wotsogolera aliyense akhoza kunena kuti mapepala ndi ambiri ndipo nthawi ndi yochepa, ndipo payekhapayekha aliyense akhoza kukhala akunena zoona. Koma magulu onse akuluakulu akakhala otanganidwa pa munthu wa khungu limodzi lomwelo kwa zaka makumimakumi, kutanganidwako kumakhala kuli ndi maso.

Nyimbo zawo zing'onozing'ono zinapulumuka bwinoko, ndipo chifukwa chake n'chophunzitsa. Pa 9 Epulo 1939, woimba wakuda Marian Anderson, atakanizidwa kuimba mu Constitution Hall ku Washington ndi bungwe la amayi achizungu limene linali eni ake a holoyo, anaimba panja pa Lincoln Memorial pamaso pa anthu pafupifupi 75,000, ndipo anatsekera ndi nyimbo yauzimu imene Mayi Price anaikonza. Nyimbo yotero imafuna woimba mmodzi ndi piyano, ndipo oimba akuda analipo, matchalitchi analipo, masukulu a anthu akuda analipo. Kumene anthu akuda anali ndi mphamvu yosankha okha, dzina la Price silinafe. Linafa kumene makiyi anali m'manja mwa ena.

Si iwo okha anakumana nazo. Mu Novembala 1934, Leopold Stokowski ndi Philadelphia Orchestra anaimba Negro Folk Symphony ya William Dawson, mphunzitsi wa kwaya wa pa sukulu ya anthu akuda ya Tuskegee, ndipo inamveka pa wailesi m'dziko lonselo. Omvera anaikonda moti anaomba m'manja gawo lachiwiri litangotha, zimene sizichitikachitika m'maholo amenewo. Patangopita nthawi yochepa nyimboyo inazimirira, ndipo Dawson, amene anakhala ndi moyo mpaka 1990, sanalembenso symphony ina. Pa zonse zimene tsankho linaononga, izi ndi zimene zimandiwawa kwambiri, chifukwa pepala lotayika likhoza kupezeka m'nyumba ya bwinja, koma nyimbo imene munthu sanailembe chifukwa anaona kuti palibe adzaiimbe, palibe nyumba imene tingakaifunemo. William Grant Still, amenenso anakulira ku Little Rock, anaona Afro-American Symphony yake ikuimbidwa ku Rochester mu 1931, ndipo sewero lake loimba, Troubled Island, linaonetsedwa ndi New York City Opera mu 1949, koma katatu kokha. Nyumba yaikulu ya masewero oimba ya Metropolitan Opera, imene inatsegulidwa mu 1883, inadzaonetsa koyamba sewero la wopeka wakuda mu 2021.

Ku Britain nkhani inayenda mwanjira ina. Samuel Coleridge-Taylor, wobadwa ku London mu 1875 kwa mayi wachingelezi ndi bambo wa ku Sierra Leone amene anali dokotala, anatchuka ali ndi zaka 23 chifukwa cha nyimbo ya kwaya yotchedwa Hiawatha's Wedding Feast. Makwaya a m'dziko lonselo ankaiimba, ndipo mapepala ake anagulitsidwa miyandamiyanda, koma iye anali atagulitsa umwini wake wonse kwa osindikiza ndi ndalama zochepa, ma guinea 15 okha. Anagwira ntchito mopitirira muyezo kuti adyetse banja, ndipo anamwalira ndi chibayo ku Croydon mu 1912 ali ndi zaka 37. Kugulitsa umwini kotero kunkachitikiranso opeka achizungu, choncho si zonse tingazitche tsankho, ngakhale kuti moyo wake wonse iye ankanyozedwa chifukwa cha khungu. Chimene chimandikoka kwa iye n'chakuti ankayang'ana kuno ku Africa mwadala. Anapezeka pa msonkhano woyamba wa Pan-African ku London mu 1900, ndipo m'buku lake la nyimbo 24 za piyano la mu 1905 anaikamo nyimbo za Aronga a kum'mwera kwa Mozambique, pofuna kuchitira nyimbo za anthu akuda zimene opeka ena anachitira nyimbo za kwawo ku Norway ndi ku Bohemia. Mwana wake wamkazi, Avril, amenenso anali wopeka ndi wotsogolera magulu oimba, anapita ku South Africa mu 1952, ndipo ntchito inamuthera kumeneko akuluakulu atadziwa za agogo ake akuda.

Tikabwerera m'mbuyo kwambiri timapeza Joseph Bologne, wodziwika kuti Chevalier de Saint-Georges, wobadwira ku Guadeloupe mu 1745 kwa mayi amene anali kapolo. Iye anali katswiri wa vayolini ndipo ankatsogolera limodzi la magulu abwino koposa ku Paris, koma mu 1776, dzina lake litatchulidwa kuti akhale mkulu wa nyumba ya masewero oimba ya mumzindawo, amayi atatu otchuka a pabwalopo analembera Mfumukazi Marie Antoinette kuti ulemu wawo sungawalole kulamulidwa ndi munthu wa magazi osakanikirana. Udindowo sanaupeze.

Pali mtundu wina wa kupha nyimbo umene subisala. Ulamuliro wa Nazi ku Germany unaletsa nyimbo za Ayuda poyera, unachotsa chipilala cha wopeka nyimbo wa mtundu wa Chiyuda Felix Mendelssohn ku Leipzig mu 1936, ndipo mu 1938 unakonza chionetsero ku Düsseldorf chonyoza nyimbo zimene unkati ndi zoipitsidwa. Chithunzi cholengezera chionetserocho chinali cha munthu wakuda wojambulidwa monyoza, akuimba saxophone, ali ndi nyenyezi ya Ayuda pachifuwa, kusonyeza kuti m'maganizo mwa anthu amenewo chidani cha mitundu iwiriyi chinali chimodzi. Opeka achiyuda Viktor Ullmann, Pavel Haas ndi Hans Krása anapitiriza kupeka nyimbo ali m'ndende ya Theresienstadt, ndipo onse atatu anaphedwa ku msasa wopherako anthu wa Auschwitz mu Okutobala 1944. Sewero loimba limene Ullmann analemba m'ndendemo linadzaonetsedwa koyamba ku Amsterdam mu 1975. Sindingayerekeze kupha anthu ndi kusayankha kalata, ndipo aliyense woyesa kutero ndi wolakwa. Komabe ndikuona kuti nkhondo itatha, nyimbo za ophedwawo zinakhalabe chete kwa zaka 30, panthawi imene panalibenso lamulo loziletsa. Chimene chinatsala ndi chizolowezi: aphunzitsi amaphunzitsa zimene anaphunzira, magulu amaimba zimene zili m'kabati, omvera amapempha zimene anamvapo, ndipo chimene chinachotsedwa kamodzi chimakhala kunja mpaka wina atachibweza mwadala.

Ndiye chifukwa chake sindigwirizana ndi mfundo imene ndimaimva kawirikawiri, yakuti nthawi imapeta, ndipo zimene zinaiwalika ndi mankhusu. Lichero limapeta zimene zathiridwamo. Symphony imene yakhala pansi m'nyumba ya bwinja kwa zaka 56 sinakanidwe ndi omvera, chifukwa omverawo sanaimve. Nyimbo za Beethoven ndi Brahms ndi zazikulu ndithu, ndipo ine ndimazikonda, koma ukulu wawo timaumva titazimva kambirimbiri, zikuimbidwa ndi magulu abwino koposa, amene anaphunzira kwa zaka zambiri poyenera kufulumira ndi poyenera kufatsa. Kuika nyimbo yotero pambali pa ina imene yaimbidwa kamodzi, mokonzekera mothamanga, kuchokera pa mapepala okhala ndi zolakwika za wokopera, n'kunena kuti taonani kusiyana, si chiweruzo cholungama. Ndipo ambiri amene ankati opeka akuda alibe zozama anali asanamve ngakhale tsamba limodzi. Ankangobwereza zimene anauzidwa, ndipo paja kandimverere anakanena za m'maluwa.

Sindikunena kuti chilichonse chimene Mayi Price analemba, mwa nyimbo zawo zoposa 300, n'chopanda banga. M'makutu anga, gawo loyamba la symphony yoyamba limatalika ndipo limayenda pafupi kwambiri ndi mapazi a Dvořák, pamene symphony yachitatu, imene inaimbidwa ku Detroit mu 1940, ndi yolimba mtima ndiponso yodziimira payokha, yosinthasintha mosayembekezereka. Kunena zimenezi ndi kuwapatsa chimene anapempha m'kalata ija. Kuwatamanda pa chilichonse chifukwa choti anali mayi wakuda ndi njira inanso yosawamvera. Tiyeneranso kukumbukira kuti wopeka amakula pomva ntchito yake ikulira, n'kuona pamene malipenga akuphimba mavayolini, n'kubwerera kukakonza. Opeka amene timawatcha akuluakulu ankapeza mwayi umenewu kawirikawiri. Mayi Price analemba symphony yachinayi mu 1945 ndipo anamwalira osaimva. Inadzaimbidwa koyamba mu 2018 ndi gulu la ku Fort Smith, kwawo ku Arkansas.

Kubwerera kwa nyimbo zawo sikunagwe kuchokera kumwamba, ndipo sikunayambe ndi nyumba ya ku St. Anne. Akatswiri ochepa, ambiri mwa iwo amayi akuda, anagwira ntchito imeneyi kwa zaka zambiri popanda owaombera m'manja, makamaka Rae Linda Brown, amene anafufuza moyo wa Mayi Price kuyambira ali wophunzira, nakonza ma symphony awo kuti asindikizidwe, koma anamwalira mu 2017 buku lake la mbiri yawo lisanatuluke. Mu 2018 kampani yosindikiza ya G. Schirmer inatenga udindo wa nyimbo zawo, kutanthauza kuti gulu lililonse likhoza tsopano kupeza mapepala oyera, ndipo mu 2022 Philadelphia Orchestra motsogoleredwa ndi Yannick Nézet-Séguin inalandira mphoto ya Grammy chifukwa chojambula symphony yoyamba ndi yachitatu. Ku Britain, Chi-chi Nwanoku anayambitsa gulu la Chineke! mu 2015, la oimba ambiri akuda ndi a mitundu ina yochepa m'maholo amenewa, ndipo limaimba Coleridge-Taylor, Saint-Georges ndi Price ngati chakudya cha tsiku ndi tsiku. Nkhawa yanga ndi yakuti magulu ambiri anathamangira nyimbozi m'chaka cha 2020, munthu wakuda George Floyd ataphedwa ndi wapolisi ku America, ndipo ena amazikumbukira mu Febuluwale mokha, mwezi wokumbukira mbiri ya anthu akuda ku America. Zinachitikapo kale mu 1933 ndi mu 1934 kuti anthu anaomba m'manja mwamphamvu kenako n'kukhala chete. Nyimbo idzakhala itabwereradi ikadzayamba kuimbidwa pa tsiku wamba, popanda chifukwa chapadera, ndiponso ana a sukulu za nyimbo akadzayamba kuiphunzira pokonzekera mayeso.

Inenso tsankho limeneli linandifika, ngakhale ndili kutali chonchi. Ndinakula ndikuimba Handel pa Khirisimasi kuchokera pa mapepala a sol-fa amene amalume ankawasamala ngati ndalama, ndipo ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti nyimbo zolembedwa za zida zambiri ndi za azungu okha, kuti ife gawo lathu ndi ng'oma ndi mawu. Palibe amene anandiuza zimenezo. Ndinangoziona pa mayina amene anali pamwamba pa mapepala, ndipo mayina amene kunalibe sindikanatha kuwasowa. Mwezi watha ndinatenga foni yanga kupita nayo kwa aphunzitsi a kwaya amene analowa m'malo mwa amalume, n'kuwaseweretsa gawo lachiwiri lija la malipenga. Anamvetsera mpaka kumapeto osalankhula, dzanja lawo likuyenda lokha pa bondo, kenako anafunsa kuti, "Achimwene, mwati walemba izi ndi mayi wakuda? Tabwerezani pomwe ikulowa ng'omapo." Tinabwereza katatu, iwo akulemba mzere wa pamwamba mu sol-fa kuseri kwa envulopu, n'kumang'ung'udza besi imene angaike pansi pake. Atandifunsa kuti mayiwo analemba ma symphony angati, ndinawauza kuti anayi, koma amene tingawamve ndi yoyamba, yachitatu ndi yachinayi, chifukwa yachiwiri sinapezeke yathunthu mpaka lero. Iwo anapinda envulopu ija bwinobwino, naiika m'thumba la malaya, n'kundifunsa ngati makope a amalume aja tinawasunga.